Wilo la Njinga ya Petulo

Lolemba
Kusukulu ya akuluakulu aticha atipatsa samu. Wilo la njinga ya Petulo ndi masentimita 70 kupingasa. Lizungulira kangati pa makilomita 11? Wolephera salemba mayeso, ndipo ntchito ya umesenjala ku Boma ifuna satifiketi. Akuti tichulukitse ndi 22, tigawe ndi 7. Ndafunsa chifukwa. Akuti nambala yeniyeniyo siitha, iyi ndi yoyerekeza. Nambala yosatha ine sindiikhulupirira. Njinga ndili nayo, ndiwerenga ndekha.

Lachiwiri
Adalaivala a lole ya nsomba akuti kuchoka kwathu kufika pamsika ndi 11 ndendende. Ndamanga kansanza kofiira pa sipoko. Ndikukankha, ndikuwerenga. Pa 412, apongozi. Kugwada, moni, za mvula, za mbuzi, za bondo lawo. Poimirira nambala yapita. Kubwerera kunyumba.

Lachitatu
Lero sindiyankha munthu. Pa 1,900, njovu zitatu pamsewu. Ndathawa njinga ili paphewa, wilo likuzungulira lokha m'mwamba. Kaya zimenezi ziwerengedwa.

Lachinayi
Mbiri yafika mpaka ku Kavalamanja kuti ndikupima msewu watsopano. Anthu asanu ndi awiri akunditsata. Mayi wina akupempha kuti msewuwo usadutse m'dimba mwake, wamangirira nsomba ziwiri zouma za pende pakeliyala. Pa 2,300 onse ayamba kundithandiza, wina m'Chikunda, wina m'Chinsenga, wina m'Chingelezi. Aliyense ndi nambala yake.

Lachisanu
Minga. Tayala laphwa pa 3,050. Wilo lophwa limachepa, ndiye lizungulira kambiri. Za izi buku silinena. Kunyumba akazi anga, amake Esinati, akuti nsomba zomwe ndinayenera kugulitsa Lachiwiri zatsala pang'ono kupita zokha kumsika.

Loweruka
Ndafika! 6,118. Aticha ndawapeza akusankha tomato. Alemba pakatoni 220, kenako 5,000, osakhala n'pansi komwe. Ndawauza kuti yanga ndi ya miyendo. Ayang'ana njinga, ayang'ana ine.
"Bambo, nanga wilo lanuli munalipima?"
Sindinalipime. Ndi laling'ono kuposa la Petulo. Adalaivala nawo akuti 11 uja anangonena kuti ndiwasiye adye.

Lamulungu
Ndalemba 5,000 m'kope. Mapazi ali m'beseni la madzi amchere. Mnzanga wa m'kalasi wadutsa pochoka kutchalitchi, akuti samu ya mawa ndi ya bwato lowoloka mtsinje wa ng'ona. Amake Esinati amva. Abisa nkhafi.