Vaneti ya Mulamu ndi Chingwe Choyanikira Zovala

Mpaka lero ndikamadutsa ku Matero ndimatsitsa chipewa kumaso. Sindinabe kanthu, sindinamenye munthu. Ndinangowerenga buku.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga kunandilowa ngati matenda. Mabuku akale amene amayala pansi m'mbali mwa msewu ku tauni ndimatola lililonse: la njuchi, la malamulo, la kuweta nkhumba (nkhumba ndilibe, ndipo pa yadi yathu ya lendi ku Kanyama ngakhale bakha sangapeze potembenukira). Lina mwa mabukuwa linali lonenepa, lothimbirira ndi girisi, lofotokoza matenda a galimoto. Ndinaliwerenga kawiri, ndipo pomaliza ndinkadziona ngati makanika amene dziko silinamutulukire.

Ndiye kunabwera chilanga mulilo cha Naomi, mng'ono wa mkazi wanga. Mwambowu ndi wa Abemba, koma mu Lusaka tonse tinautengera: akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukazitula kwa mkwati akuimba nyimbo. Tsono mkwati wa Naomi anali Mubemba weniweni, ndipo ife a kum'mawa ndi Abemba timachitirana chimbuya, kunyozana kuja kosakwiyitsana. Azakhali a mkazi wanga, Ba Anti Esinati, amene ankatsogolera zonse, analamula kuti mbale zonse zikhale zitafika ku Matero wani koloko isanakwane, chifukwa amalume a mkwati anachokera ku Kopala, dera la migodi, ndipo ankabwerera pa basi masana omwewo.

"Tikachedwa," anatero, "aba bantu bazatiseka mpaka kumanda."

Yonyamula zonse inali vaneti ya mulamu wanga Mabvuto, nkhalamba ya galimoto imene inakulira kunyamula mabuloko ndi makala. Lachisanu mulamu anafika akudandaula kuti ikukokera kumanzere. Akangosiya sitelingi pang'ono, iyo imalunjika mu ngalande. Ankafuna kukaipimitsa pa makina a alayimenti ku tauni, koma ankaopa kuti mzere umudyera tsiku lonse, pomwe anali asanapeze mayi woimba ng'oma. Apa m'pamene pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinamuuza kuti apite akasake wang'omayo, galimoto andisiyire maola awiri.

"Mulamu, muziba vimene mukamba?"

"Nili na buku," ndinatero.

Poyamba zinayenda bwino, ndipo n'zimene zinandipha. Ndinaikweza pa jeke, n'kugwedeza wilo uku ndi uku kuti ndimve ngati tayirodi, kandodo kamene kamalumikiza sitelingi ku wilo, yatha. Inali yolimba. Ndinagwedezanso pamwamba ndi pansi. Mabelingi nawonso anali bwino. Ndinadziyamikira ndekha, poti panalibe wina wondiyamikira.

Kenako bukulo linati munthu angathe kupima mawilo ndi chingwe: uchizungulize matayala onse anayi, chikoke bwino, ndipo tayala lakutsogolo likapanda kuchikhudza mofanana, ndiye kuti lapendekeka. Chingwe chachitali chinali chimodzi chokha pa yadi, choyanikira zovala. Ndinachimasula, zitenje zayunifomu ya mawa n'kuziyanika pa mpanda. Mkazi wanga anatuluka, anandiyang'ana, anayang'ana buku, n'kungonena kuti chingwe chakecho chibwere chopanda girisi.

Chingwe chinaonetsa kuti wilo lakumanzere lapendekeka ndi zala ziwiri zathunthu. Ndinamva kukoma ngati dokotala amene wapeza chotupa. Ndinamasula nati, n'kuyamba kupotokola tayirodi. Katatu. Kasanu. Kasanu n'katatu. Wilo litagwirizana ndi chingwe, ndinaona kuti lakumanja likuoneka ngati lasalidwa, ndiye nalonso ndinalipotokolako (bukulo silinanene zimenezi, linali chabe khalidwe langa lokonda chilungamo).

Mulamu atabwera anaiyesa kuchokera pa geti mpaka pa kantemba, kagolosale ka pakona. Koma pa miyala ya ku Kanyama galimoto iliyonse imavina, yabwino ndi yoipa yomwe, choncho sanamve kanthu. Anangofunsa chifukwa chimene sitelingi inali itakhala chammbali pomwe galimoto ikupita kutsogolo. Ndinamuyankha kuti ikali kuzolowera.

Loweruka tinapakira. Kumbuyo kunakwera amayi asanu ndi atatu, ng'oma, miphika yokulungidwa m'nsalu yojambulidwa nkhuku, chikanda (ndiwo ya mizu yosinja ndi mtedza), nsomba zouma, ndiwo zotendera, ndi mabaketi awiri a munkoyo, chakumwa chonga thobwa. Ba Anti anakhala kutsogolo pakati, atafungatira mbale ya nkhuku ya mkwati. Ine ndinadzipanikiza ku chitseko, ati kuti ndizimvetsera galimoto.

Sipanafunike kumvetsera. Titangoponda tala, matayala anayamba kulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Vaneti inathamangira kumanzere, mulamu n'kuibweza, iyo n'kuthamangira kumanja. Kale inali ndi mbali imodzi yoikonda. Tsopano inkazikonda zonse.

"Mulamu," anatero Mabvuto, thukuta likutsika m'khosi, "iyi motoka iyenda yeka."

Ndinamulangiza kuti awonjezeko liwiro, chifukwa galimoto ikathamanga imakhazikika (izinso m'bukumo mulibe). Anandimvera, mwana wa eni. Patsogolo panali hampu. Chimene ndikukumbukira n'chakuti nyimbo kumbuyo inadukira pakati pa liwu, china chake chinagubuduka, ndipo pagalasi lakumbuyo panatsika munkoyo. Kondakitala wa minibasi imene inkatidutsa anatulutsa mutu n'kufunsa mulamu, munthu woti ndi dikoni kutchalitchi, kuti wamwa chiyani m'mawa uno. Fungo la labala yopserera litalowa m'kati, Ba Anti ananena liwu limodzi lokha, lakuti tiime.

Tinaima pafupi ndi mkulu wina womata matayala pansi pa mtengo. Anaizungulira vaneti manja ali kumbuyo. Anadina tayala lakumanzere ndi chala chachikulu, chala n'kulowa. Ananena kuti mphepo ndi yochepa, ndipo chokokera kumanzere chinali chimenecho basi. Kupopa kwake sikutha ndi mphindi ziwiri. Kenako anagwada, anayang'ana mawilo akutsogolo, n'kufunsa kuti ndani wagwira matayirodi.

Amayi asanu ndi atatu onyowa ndi munkoyo anatembenuka pamodzi, ngati anachita kuphunzira.

Ndinafotokoza za chingwe, mwaulemu komanso mwatsatanetsatane. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigwira dzanja n'kundionetsa manambala a pa matayala. Onse anayi anali osiyana, poti mulamu amagula a salaula, ogwirapo kale ntchito, limodzilimodzi, likaphulika lina. Lakumbuyo kumanzere linali lonenepa, la galimoto yaikulu, ndipo ndilo linkakankhira chingwe changa kunja.

"Ba bosi, aya matayala iliyonse ili na batate bake," anatero. "Mawilo yenze chabe bwino. Manje imodzi iyangana ku Chawama, inangu ku Chipata. Apa ni ku mashini chabe."

(Nditafika kunyumba ndinatsegula buku lija. Mzere woyamba weniweni wa mutu wa kupima mawilo umati: yambani mwaona mphepo ndi kukula kwa matayala. Ndinaudumpha chifukwa unkaoneka ngati wolembera ana.)

Nthawi inali itapitirira hafu thwelofu. Ba Anti sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Analamula kuti miphika ikwere pamitu, tiyende wapansi. Baketi ya munkoyo imene inapulumuka anaipereka kwa ine, n'kundipindira okha nkhata, chifukwa ati ndikainyamula pamanja nditayanso. Ndinalowa mu Matero chotero: bambo wa ndevu zaimvi, baketi pamutu, pakati pa amayi ovala zofanana, ng'oma ikulira kumbuyo kwanga.

Tinafika thu koloko itadutsa. Amalume a mkwati anali akadalipo. Basi anaisiya dala, osati chifukwa cha kuleza mtima, koma wina anali atawaimbira kale foni, ndipo palibe Mubemba amene angasiye nkhani yotere n'kukakwera basi. Wamkulu wawo anabwera pa geti, anaomba m'manja mwaulemu wonse, ananditula yekha baketi, n'kundithira paudala kumutu, monga amachitira achimbuya.

"Mwaiseni, ba injiniya," anatero. "Manje namvesesa chifukwa chake imwe ba kum'mawa mukonda mbeba. Ilibe mawilo."

Yadi yonse inagwa nako kuseka. Ba Anti Esinati, amene chibadwire sanagonjepo kwa mbuya aliyense, anatsegula pakamwa, anayang'ana zitenje za amayi aja zomata munkoyo, n'kutsekanso. Chakudya anachilandira, Naomi anakwatiwa bwinobwino, koma kusowa choyankha kuja azakhali sanandikhululukire.

Pa tsiku la ukwati anandipatsa ntchito imodzi: kukhala pa benchi yakutsogolo, manja ali pa mawondo pomwe iwo akuwaona. Ndinakhaladi. Galimoto ya akwati ikunyamuka pa tchalitchi, ndinaona kuti ikukokera pang'ono kumanja. Ndinaluma lilime, sindinauze munthu.

Koma inkakokeradi.