Mowa Waulere wa ku Busan

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma mkazi wanga waifalitsa kale Brampton yonse, ndipo akamaifotokoza amathirako mchere. Bola muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, makamaka kwa munthu ngati ine, amene Amalawi a kuno ku Canada anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya maliro. Munthu akatisiya ku Mississauga kapena ku North York, foni yoyamba kulira ndi yanga. Ndine amene ndimauza achinyamata kuti avule zipewa ndi kutsitsa mawu. Zimenezi muzisunge.

Mwana wathu Tadala, wobadwira konkuno, anapita ku Korea kukaphunzitsa Chingerezi mumzinda wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Busan. Anati akakhala chaka chimodzi. Chaka chachitatu anatiimbira kuti wapeza mnyamata, dzina lake Jun-ho, ndipo makolo ake akufuna kuona kumene mtsikanayo anachokera asanavomereze za ukwati. Mayi a Tadala anawakaniza tchuthi kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito, choncho ulendo unagwera ine ndekha.

Pabwalo la ndege anandigwira mkono.

"Bambo a Tadala, mwana uja mnyamatayo wamukonda zenizeni. Mukakhale munthu kumeneko. Za mabala zanu zija muzisiye kuno."

"Mayi, ine ndi wamkulu," ndinatero.

Sindine chidakwa. Vuto langa ndi lakuti ndimadana ndi bala ya alendo, kumene botolo limodzi mtengo wake ngati wa mbuzi. Ndinakulira ku Ntcheu ndi ku Ndirande, ndipo ndimakhulupirira kuti dziko umalidziwira pamene eni ake amamwera, pabenchi yogwedera, pamene mwini bala amakukalipira uku akukuwonjezera kanyenya.

Jun-ho anali mnyamata waulemu, wowerama mpaka ndinamumvera chisoni msana. Kukumana ndi makolo ake kunali Loweruka, ndiye tsiku loyamba iye ndi Tadala ananditengera pamalo okongola oyang'ana kunyanja, odzaza azungu. Nditaona mitengo ndinatseka menyu.

"Mwana wanga, izi ndazisiya ku Toronto," ndinamuuza m'Chingerezi. "Eni dziko amamwera kuti?"

Anaseka. Anati agogo ake aakazi ali ndi kabala kuseri kwa msika wa nsomba, kakale kuposa iye, ndipo mlendo sanapondeko.

"Tomorrow I send you the place," anatero.

"Dad, behave," anatero Tadala.

Tsono kugula layini ya foni ya ku Korea ndinali nditakana, poti wifi ya pahotela inali yaulere. Kutuluka pakhomo la hotela, foni yanga inkasanduka tochi. M'mawa mwake kunabwera uthenga wochokera kwa Jun-ho. Unali m'zilembo zawo zija zooneka ngati timipando ndi timakwerero, koma pansi pake panali mapu. Ndinati uyu ndiye mkamwini, wosunga lonjezo! Ndinajambula mapuwo, n'kuvala malaya anga a maluwa ofiira ndi mbalame zobiriwira, amene mayi a Tadala anali atawachotsa musutikesi ine n'kuwabwezeramo. Ndinatuluka nthawi yomweyo kukazungulira mumsika kuti njala ikule bwino.

Dzuwa litapendeka ndinaimitsa takisi. Dalaivala anayang'ana mapu, anayang'ana malaya anga, n'kuzimitsa wayilesi. Njira yonse sanalankhule. Ndinangoti anthu a kuno ndi ofatsa.

Anandisiya pa nyumba yaikulu yaukhondo, osati kabala kamene ndinkayembekezera. Koma nditalowa ndinamvetsa zonse. M'mbali mwa khonde munali nkhata zamaluwa zazitali ngati munthu, zokhala ndi maliboni olembedwa. Zimenezi ndinazionapo ku North York: Akoreya akamatsegula sitolo yatsopano, anzawo amawatumizira nkhata zoterezi n'kuziimika pakhomo. Zoti za ku Busan izi zinali zoyera zokhazokha sindinaziganizire. Ndinati agogo zawayendera, achoka kumsika, lero akutsegula malo atsopano. Ndipo tsiku lotsegulira, dziko lililonse, mowa umakhala waulere.

Pakhomo panali tebulo ndi amuna awiri a masuti akuda akulandira maenvelopu. Ndinadziguguda pachifuwa.

"Jun-ho! Family!"

Anawerama, mmodzi n'kundilozera chitseko cha kumanja. Koma mphuno yanga inali itamva kale msuzi kumanzere. Ndinavula nsapato monga ankachitira ena, n'kutsata fungo.

Abale, ndinapeza chimene ndinkafuna. Matebulo aafupi, anthu atakhala pansi, mabotolo obiriwira ali mbwee. Pakona amuna a nkhope zofiira ankasewera makhadi uku akuseka. Onse anali atavala zakuda, ine ndinati ndi anthu ochokera kuofesi. Ndisanaitanitse kanthu, mayi wina anandiikira msuzi wofiira wa nyama ya ng'ombe, nkhumba yowiritsa, kabichi wa tsabola, ndi botolo la soju, amene ndi kachasu wa kumeneko, koma kachasu wopita kusukulu. Nditatulutsa chikwama anagwedeza manja onse awiri.

Waulere! Ndinadziyamikira.

Mkulu wina wa imvi anasendera pafupi. Anati dzina lake ndi Choi, anayendapo pa sitima zapamadzi ali mnyamata, ndipo Chingerezi anachitola m'madoko. Nditamuuza kuti ndine bambo wa Tadala anandithirira soju ndi manja awiri.

"Long time I drink at grandmother place," anatero motsitsa mawu.

Ndinatukula tambula yanga kuti iwombane ndi yake. Iye anabweza dzanja. Ndinamutsatira, iye n'kubisa tambula pansi pa tebulo. Nditayang'ana bwino ndinaona kuti m'chipinda monsemo palibe amene ankawombanitsa matambula. Aliyense ankangotembenukira kumbali n'kumeza.

Zinandikhudza. Banja lawononga chuma chonsechi, maluwa onsewa, koma phwando lili zii, popanda ngakhale wolankhulapo mawu oyamikira. Awa anali asewere anga a mawa. Nditamaliza mbale yachitatu ya msuzi ndinaona kuti ndi udindo wanga kuwathandiza.

Ndinaimirira, n'kugogoda botolo ndi supuni.

"Ladies and gentlemen! Ndachokera ku Canada, koma kwathu ndi ku Malawi. Congratulations to this family! Malo ano azidzaza chonchi tsiku ndi tsiku! Chaka chamawa ndibwera ndi mkazi wanga!"

A Choi anandikoka thalauzi. Ndinaganiza kuti akundilimbikitsa. Jun-ho anali atandiphunzitsa dzulo lake mawu amene amanena powombanitsa matambula, ndiye ndinayamba kuyenda tebulo ndi tebulo.

"Gonbe! Gonbe!"

Ngwe! Ngwe! Anthu matambula ndinkawagundira m'manja momwemo asanawabise. A makhadi aja anasiya kusewera. Mayi wa msuzi anaima ndi chipande m'mwamba. Ine ndinati awa ndi manyazi chabe, azolowera.

"Where is the madam?" ndinafuula. "Mwini malo ali kuti? Ndikufuna ndimugwire chanza!"

A Choi anadzuka pang'onopang'ono. Sanandikalipire. Anandigwira pamkono ngati mwana, n'kundiwolotsa khonde kupita kuchitseko cha kumanja chija, chimene anandilozera poyamba.

Munali fungo la lubani. Khoma lonse linali maluwa oyera, ndipo pakati pake panali chithunzi cha mayi wamng'ono thupi, wa maso akuthwa, chomangidwa riboni yakuda. Pambali panaima Jun-ho, maso atatupa, kansalu katamangidwa pamkono wa suti yake. Pafupi naye panaima bambo wa nkhope yofanana ndi yake.

Tambula inali idakali m'dzanja langa. Mowa wonse unatsikira kumapazi. Uthenga wa mapu uja unali wolengeza maliro.

Musandiweruze msanga. Kwathu maliro amamveka uli kutali. Pamakhala masamba pamsewu, amayi a mpingo akuimba, azakhali akudzigwetsa pansi. Ndani anaonapo pamaliro mowa ukuperekedwa patebulo masanasana, anthu akusewera makhadi? Ndinamva pambuyo pake kuti kumeneko amatero kuti anamfedwa asakhale okha. Kumwa amamwa, kuseka amaseka. Chinthu chimodzi chokha chimene munthu sachita ndicho kuwombanitsa matambula, chifukwa kumeneko ndi kukondwerera. Ine ndinali nditachita zimenezo tebulo lililonse.

Kumbuyo kwanga kunamveka mapazi othamanga. Anali Tadala, atavala zakuda, ali wefuwefu, suti yanga ili pamkono. Anali atapita kuhotela kukanditenga, koma tinasemphana. Anayang'ana malaya anga, tambula, ndi anthu amene anadzaza pakhomo kudzaonerera.

"Dad, I called you all day. Agogo amwalira usiku." Analoza chithunzicho. "Ndi maliro, Dad. Maliro!"

Mwana ameneyu Chichewa chimamuvuta, koma mawu amenewo anawatchula bwinobwino. Kenako anayang'ana bambo a Jun-ho, ndipo ndinaona mantha pankhope pake. Anthu awa ankafuna kuona kumene mtsikana anachokera. Tsopano anali ataona.

Kuwerama kwawo sindinkakudziwa. Ndinaika tambula pansi, ndinagwada monga timachitira kwathu, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono kutsogolo kwa chithunzicho.

"Pepani, mayi. Pepani ndithu. Ndalakwa."

Ndinalankhula m'Chichewa chifukwa Chingerezi chinali chitandithawa. Ndipo ndili chogwada choncho ndinakumbukira mayi anga, amene maliro awo ndinawaonera pafoni nditakhala m'galimoto panja pa warehouse imene ndinkagwirako ntchito ku Mississauga, chipale chikugwa. Tsiku limenelo sindinalire, ndinabwerera kukamaliza shift. Misozi imeneyo inatulukira ku Busan, pamaliro a mayi amene sindinamuonepo, ndili m'malaya a mbalame zobiriwira.

Pamwamba pa mutu wanga a Choi ankafotokozera bambo a Jun-ho m'chinenero chawo. Anafotokoza nthawi yaitali. Ndinaona dzanja lawo likusonyeza kugogoda botolo, kenako kuwombanitsa matambula, ndipo "Gonbe" ndinamumva kangapo. Kenako bambowo anafunsa funso lalifupi.

Jun-ho anatembenukira kwa ine. "Bambo akufunsa ngati msuzi munadya."

Bodza pamaliro sindinama. "Mbale zitatu," ndinatero.

Mapewa a bambowo anayamba kugwedezeka. Ndinati basi, ndawaliza. Anali akuliradi, koma akuseka nthawi yomweyo, dzanja lili pakamwa. Analankhula mawu angapo, Jun-ho n'kumasulira, nayenso misozi ili chuchuchu.

"Akuti agogo ankadana ndi munthu wosiya chakudya m'mbale. Akuti inu ndinu kasitomala wawo womaliza. Mwadya, mwasokosa, ndipo simunalipire. Akuti makasitomala awo ambiri anali otero."

Bambowo anatola tambula yanga ija, anaidzaza soju, n'kundipatsa kuti ndiike ndi manja awiri patsogolo pa chithunzi. Nditatero anandidzutsa, n'kuloza suti imene Tadala ananyamula. Pamenepo sipanafunike womasulira.

Ndinakhala nawo mpaka tsiku loika. Maliro n'kulirana, ndipo ntchito ya pamaliro ndiye ndimaidziwa: ndinanyamula mbale, ndinalongosola nsapato za anthu pakhomo, pakamwa ndili tsekee. Kabala ka agogo ndinakaona titaika maliro, a Choi atanditengera. Kanali ka benchi imodzi yogwedera, kotseka.

Ukwati unachitika chaka chotsatira. Asewere anga mpaka lero akandiona pavidiyo amatukula kapu ya tiyi, kenako n'kuibisa msanga pansi pa tebulo.

Koma chilango chenicheni chili kuno. Mwezi watha tinali ndi zovuta ku Mississauga, tinataya mkulu wina wa ku Chipata. Ndinafika ndi suti yakuda ndi nkhope ya wapampando, holo itadzaza Amalawi ndi anzathu a ku Zambia. Ndili pafupi kulowa, mayi a Tadala anandiimitsa pakhomo, pamaso pa amayi onse a mpingo, n'kundikonza tayi mwachikondi.

"Bambo a Tadala, tisanalowe ndikudziwitseni," anatero mokweza. "Ano ndi maliro."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya mbale zitatu.