Vangi ya Boti la Pabwalo

Lolemba

Boti likadali pabwalo. Anandisiyira bwana amene ndinkamuphikira kunyanja pobwerera kwawo. Pampikisano wa maboti ankandikhazika kumbali kuti ndizilemeretsa basi, koma maso anali kuona. Anzanga anabwera kuchokera kuntchito ndi malata, ine boti. Ku Manjawira kuno!

Mayi akunyumba agamula: likapanda kuyenda padamu lothirira mpunga Loweruka lino, likhala chodyeramo nkhumba yawo. Ndine mkamwini, sinditsutsa. Ndangoti, "Muona."

Zilipo: mlongoti, thanga, mtanda wam'munsi mwa thanga. Chatsala ndi vangi, chingwe chodutsa m'timawilo tiwiri, chochoka patsinde pa mlongoti n'kukakokera mtanda pansi kuti mphepo isaukweze. Popanda vangi thanga limangofufuma ngati chitenje choyanika. Kantchito kochepa aka!

Lachiwiri

Kawilo kamodzi sikakuoneka. Ndakapeza pachitsime, alamu anga akutungira madzi a tomato. "Kamangokhala, alamu," akutero. Ndatenga, moni wanga aulandira ndi mphuno.

Chingwe nacho chili pakhosi pa mbuzi. Ndachimasula, mbuzi ndaimanga ndi luzi. Yadya luzi, yakadyanso kabichi wa aneba. Ndakapepesa chipewa chili m'manja.

Lachitatu

Ndamanga! Kawilo kena patsinde, kena pamtanda, chingwe chadutsa bwinobwino. Ndakoka, mtanda watsika mwaulemu. Mtima mbee! Ndayenda mozungulira boti manja kumbuyo kuti odutsa andione.

Masana uthenga: gogo wina kutsidya watisiya, anali atakalamba ndithu. Posakhalitsa adzukulu okumba manda ali pabwalo. "Tamva muli ndi chingwe cholimba, bambo. Chotsitsira bokosi."

Za maliro sakaniza. Ndamasula ndekha mfundo zanga zokongola zija.

Lachinayi

Kumanda. Chingwe changa chagwira ntchito yotamandika, bokosi latsika pang'onopang'ono osagwedezeka. Ndanyada, ndisaname.

Kenako mkulu wa adzukulu akuchikulunga pamkono. "Ichi ndiye chingwe cha mudzi," akulengeza, "chikakhala pamodzi ndi makasu." Anthu onse akundiyang'ana mothokoza. Ndangochisiya. Ukaitanitsa chingwe chotere amakufunsa kuti kwanu wadwala ndani.

Ndawadandaulira mayi akunyumba. Angoti, "Pepanitu," uku akusankha mpunga.

Lachisanu

Kumsika. Zingwe zilipo zoyanikira zovala zokha. Wogulitsa zida za njinga wandionetsa malamba a mphira. "Awa amagwira matumba awiri a makala pa keliyala, achimwene, nanji kaboti!" Ndagula. Ndapota atatu pamodzi, ndadutsitsa m'timawilo mokakamiza. Mtanda watsika, koma ukaukhudza ukuvina.

Nkhumba yabwera kudzadzikanda pambali pa boti ngati kwawo kale. Ndaithamangitsa. Sinapite kutali.

Loweruka

Boti pangolo ya ng'ombe, ulendo kudamu! Alimi asiya kuingitsa mbalame mumpunga, adzaza m'mphepete. Mayi akunyumba akhala pachulu, mikono yopinda.

Mphepo yabwino. Thanga ladzaza. Layenda! Layendadi! Ndakweza dzanja kubayibitsa anthu, nthungululu zalira.

Kenako chimphepo. Mphira watamuka, mtanda wakwera kumwamba, thanga lafufuma. Mphira wakumbukira ntchito yake, wabweza mtanda ndi ukali wonse, pamutu panga pho! Boti chafufumimba, ine m'madzi. Ndakuwa kuti ndikumira. Ndaponda pansi, madzi akulekeza m'chiuno.

Ndayesa kudandaula kuti pang'ono pokha layenda, mboni zilipo. "Ndinati liyende," atero mayi akunyumba, "sindinati lisambe." Mlandu watha.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, chotupa pamphumi chikuoneka ngakhale kwa oimba kwaya. Pobwerako nkhumba ikudya madeya m'boti, miyendo yonse inayi m'kati. Zandiwawa, ndalowa m'nyumba osayang'ananso.

Masana mayi akunyumba andituma ndikazike mlongoti ndi thanga pabenchi yawo yogulitsira tomato kumsewu, lizitchinga dzuwa ndi fumbi. Ndati popanda vangi liuluka. Apisa dzanja m'dengu, atulutsa chingwe changa! Mkulu wa adzukulu ndi mwana wa malume awo, akuti anangokachitenga m'mawa.

"Bwanji simunakachitenge Lachinayi?"

"Nkhumba inali isanapeze chodyeramo."

Ndamanga vangi monga mwa malamulo ake. Mphepo yadza, mapepala apulasitiki a pamabenchi ena auluka kuwoloka msewu, thanga lathu lili nji! Benchi yokha ndiyo ikufuna kupendekeka.

"Khalani uko kumbali," atero, "muzilemeretsa."

Ndakhala. Ntchito imeneyi ndimaidziwa.