Nyimbo ya Atate pa Gitala Yodzozedwa

Lolemba, 11 Ogasiti

Sukulu tatsekera, choko ndasamba, sabata ino ndi yanga. Pulani ndi iyi: pofika Lamulungu ndikhale nditaphunzira nyimbo ya Atate pa gitala, ndiwayimbire asanapite. Lolemba likubwerali akulu anga akubwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Lusaka, pafupi ndi madokotala. Sindikudzinamiza. Ku Chadiza kuno mwina sadzapondanso.

Nyimboyo ndi ya roko, ya azungu, yakalekale. Atate ankayiyimba ndi bandi yawo m'mabala a ku Kitwe ine ndisanabadwe, tsitsi lili nyankhalala, thalauza yotambalala kumapazi ngati tsache. Ndakula ndikuimva, akumeta ndevu, akupopa njinga. Chiwagwirireni sitiroko chaka chatha, dzanja lamanzere linafa, ndipo pakamwa panatsala mawu awiri okha, eya ndi ayi. Amangokhala pakhonde kuonerera nkhuku.

Zofunika:
- gitala (ndilibe)
- zala (zilipo)
- luso (tiona)

Gitala ndabwereka ya kutchalitchi. Abusa pondipatsa: "Mlongo, gitala iyi tinaidzoza mafuta. Isalire za dziko." Ndayankha ameni, maso ali pansi.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Zikhadabo zonse zakumanzere ndawenga. Zinali zokongola, zipume mumtendere.

Mphunzitsi wanga ndi mzungu wandevu wa mufoni. Akuti nyimboyi ndi yosavuta, ngakhale mwana angathe. Ndayamba kale kumuda. Iye zala zikungotsetsereka, ine chala chamkombaphala chikakhala pamalo pake, chakanise chadzuka n'kuloza kumwamba. Ine amene ndimakalipira ana a giredi folo kuti agwire bwino pensulo!

Ndikuphunzirira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, kuti Atate asamve. Ndikufuna ndidzangowadzidzimutsa. Galu wathu wapirira pang'ono, kenako wasamukira kwa aneba.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Nsambo yaduka, yandikwapula patsaya! Pa boma ponse palibe wogulitsa nsambo, aliyense akuti mpaka ku Chipata. Wokonza njinga pamsika wandisololera kawaya kamodzi m'chingwe cha buleki, akuti oyimba mabanjo onse amatero. Ikulira ndithu, koma ngati chitseko chamalata cha kubafa.

Masana mutu wa Amai Zulu watulukira pamwamba pa mpanda. Ndi aneba anga, ndiponso ndi amene amatsogolera nyimbo kutchalitchi kwathu. Makutu awo sadutsidwa ndi kanthu.

"Kodi imeneyo ndi kolasi iti, aphunzitsi? Yandilowa mumtima."

Ndikanati chiyani, gitala yodzozedwa ili pamiyendo?

"Ndi yatsopano, amai."

Mulungu andikhululukire.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Nsonga za zala zili matuza okhaokha. Kusenda nsawa sindingathe. Kumanga chitenje ndi nkhondo. Magetsi azima kuyambira m'mawa, foni yathima, mzungu wanga wapita nayo limodzi.

Ndikudziwa kachiyambi kokha, kaja kobwerezabwereza. Ndakabwereza, ndakabwerezanso, mpaka bambo a kunyumba atulutsa mutu pawindo: "Kodi nyimbo imeneyi ilibe kutsogolo?" Ndiwo za lero adya zopanda mchere, ndipo sindinaiwale ayi.

Podyetsa Atate phala ndapezeka ndikuing'ung'udza osazindikira. Asiya kumeza, andiyang'ana nthawi yaitali. Ndafunsa ngati phala likuotcha. "Ayi." Ndamaliza kuwadyetsa, ndatuluka, ndakalirira kuseri kwa khitchini.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Mayo ine! Ndikuyanika zovala, ndikumva Amai Zulu kuseri kwa mpanda akutsuka mbale, akuyimba nyimbo ya Atate. Yaikidwa mawu! Za Satana, kuti wagwa chagada ndipo sadzukanso. Chondipweteka n'chakuti akuiyimba bwino kuposa ine, ndi mapoto okha.

Akuti anaipempherera, mawu anangotsika okha. Akuti mawa akwaya onse akaiyesera, Lamulungu iyimbidwa mumpingo, ndipo ine mwini kolasi ndikaime kutsogolo ndi gitala.

Zimene ndingachite:
- kukaulula kwa Abusa
- kudwala malungo
- kuthawira kwa azakhali ku Zemba, osabweranso

Ndasankha kuyeserera. Magetsi ayaka, mzungu wabwera, akumwetulirabe. Akuti tsopano tifike pamene gitala imalira yokha. Ndamuzimitsa ndekha.

Loweruka, 16 Ogasiti

Kuyesera kutchalitchi. Bambo wa kiyibodi wangoimva kamodzi, waigwira, waikometsera ndi zake. Ine chala chikamafika pamalo, anzanga ali kale pa aleluya. Ndikathamanga, ndawapitirira. Kenako waya wa buleki uja waduka, wakola duku la Amai Zulu.

Anditengera pambali, andiuza mwachikondi kuti mphatso zimasiyana, ndipo yanga mwina ndi yowomba m'manja. Gitala aitsekera mu ofesi ya Abusa kuti ipume.

Basi. Ndabwerera chimanjamanja. Ndapeza Atate pakhonde, chikwama chawo chili cholongedza kale pakona, jekete ili pamwamba. Sabata yawo yomaliza ndaithera kuseri kwa nyumba ndi mzungu wa mufoni, m'malo mokhala pambali pawo kuonerera nkhuku. Zimenezi zikundipweteka kuposa zalazi.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Atate tawakankha pa njinga yawo ya odwala mpaka kutchalitchi kuti akawapempherere za ulendo. Njira yonse ndikupempha kuti Amai Zulu aiwale. Sanaiwale.

Kiyibodi yangoyamba kachiyambi kaja, Atate mutu dzu! Azimai a maduku oyera akuvina nyimbo ya m'mabala a ku Kitwe. Madikoni akupondaponda. Abusa akudumpha, Baibulo lili m'mwamba. Ine ndikufuna nthaka itseguke.

Ndacheuka, phewa la Atate likugwedezeka. Mtima wanga phaa, ndimati akukomoka. Akuseka! Mbali imodzi ya kamwa, misozi ili chuchuchu, dzanja lamanja likukwapula pamimba ngati pali gitala. Chiwagwirireni matendawa sindinamvepo kuseka kwawo.

Abusa pa maikolofoni: "Taonani, Mzimu wawakhudza atate athuwa!" Mpingo wonse ameni.

Ndawerama kuti ndiwapukute. Andigwira dzanja lamanzere, alitembenuza, asisita matuza aja ndi chala chawo chachikulu, limodzilimodzi. Ndawanong'oneza.

"Atate, munkandimva kuseri kuja?"

"Eya."

"Sabata yonse?"

"Eya."

"Ndimakhoza?"

"Ayi!"

Ndipo ayambiranso kuseka, dzanja langa osalisiya mpaka pemphero lotsekera.

Gitala yandikana, ndavomera. Zikhadabo zidzamera. Galu wabwerera. Kwa Abusa sindiulula, akafunse okha kumwamba. Mawa m'mawa Atate akukwera minibasi ya ku Chipata ndi akulu anga, kenako basi yaikulu.

Amai Zulu akuti kolasiyi yadalitsa anthu, tiziiyimba Lamulungu lililonse. Chabwino. Ndizikhala pamalo panga pomwe paja, kumapeto kwa benchi pamene timaimika njinga ya Atate, ndikuwomba m'manja.