Ulendo wa ku Milange pa Galimoto ya a Morris

Nzeru yonse inabadwira kuseri kwa msika wa Limbuli, pa benchi ya kwa Rosie, botolo lachitatu la kachasu litafika pakati. Likafika pamenepo, munthu aliyense amakhala katswiri.

"Dilu iyi ndi yophweka, mani," anatero Gabriel, amene anzake ankamutcha Bigi ngakhale anali wamfupi ngati mtondo. "Lamulungu madala Morris amakhala kutchalitchi mpaka dzuwa pamutu. Kiyi amasiya m'galimoto momwemo. Tikaliza, tikazemba geti la pa Muloza, nkhomaliro tikadyera ku Milange."

"Amigo wanga akuidikira kumeneko," anatero Wyson, wotchedwa Obirigado chifukwa Chipwitikizi chake chinkathera pomwepo.

"Dalaiva tili naye kale. Si choncho, Giya Faifi?" anafunsa Bigi.

Lyson, mwini dzinalo, anaponya maso kwa Rosie. Rosie anali chapafupi akutsuka makapu, khutu lili kwa iwo. Mayiyu anali atauzidwa kuti Lyson ankayendetsa malole opita ku Beira, ndipo n'chifukwa chake ankamuthirira kapu yodzadza ndi kumusungira chipapatiko cha nkhuku. Zoona zake, ku esiteti ya tiyi Lyson ankangotsuka mathirakitala. Anayendetsapo imodzi kuchoka pa mpopi kupita ku shedi, mpopiwo n'kutsatira m'mbuyo. Dzina la udalaiva ndi lokhalo linkamuchititsa kukhala munthu pamaso pa Rosie.

"Ine? Kagalimoto kameneko ndi kidibo, masewera a ana," anatero mokweza.

Tsono galimotoyo inali yofiira, ya mipando iwiri, denga la tenti, yakale kuposa ufulu wa dziko lino. A Morris, amene anapuma umakaniko ku fakitale ya tiyi, anaigula kwa mzungu wina ili chiphakasa choikiramo nkhuku. Anaphwasula injini yonse n'kuimanganso, koma mtima wawo sunkakhutira ndi kaliridwe kake. Choncho anakumba dzenje pabwalo la kuseri n'kuikamo migolo iwiri yachitsulo. Matayala akumbuyo ankakhala pa migoloyo, galimoto itamangidwa ndi matcheni ku mtengo wa mapeyala. Migolo ikamazungulira inkakoka sikelo yoyezera masamba a tiyi, sikeloyo n'kumaonetsa mphamvu ya injini, kwinaku lamba akuzunguza chifani choziziritsa. Chinkawasowa n'chimodzi: munthu wowapondera mafuta iwo ali ku injini. Akazi awo anakana kalekale chifukwa cha utsi.

Zonsezi Bigi sankazidziwa. Kafukufuku wake anamuchitira pa kaboo ka mpanda.

Lamulungu kunacha ndi chiperoni, chifunga chija chimatsika m'phiri n'kubisa ngakhale dzanja lako.

"Mulungu ali mbali yathu," anatero Bigi, akulumpha mpanda.

Anaipeza galimoto pochita kufufuza ndi manja. Bigi anakhala pampando, Obirigado pamiyendo pake. Lyson anapotoza kiyi. Injini inabangula. Anakankha giya, inakukuta mano, kenako inalowa. Galimoto inagwedezeka, singano ya liwiro inanyamuka, mphepo yozizira n'kuyamba kuwomba m'mawindo. Kutsogolo kunali mbuu!

"Tanyamuka!" anakuwa Obirigado.

"Ponda, aise! Khotera kumanja, apa pali chigayo!"

Lyson anakhotetsa chiwongolero. Chigayo sanachigunde. Anakhotera kumanzere, osagundanso kanthu. Mantha anayamba kusungunuka, m'malo mwake munalowa chimwemwe chimene anali asanachimvepo. Kani bodza lake lija linali loona! Kuyendetsa galimoto kunali m'magazi. Misozi inalengeza, ndipo ankangolakalaka Rosie akanamuona.

"Msewu ausalaza liti umenewu?" anafunsa Bigi. "Aphungu atsopanowa akugwira ntchito, eti."

Apo m'pamene pawindo la Lyson panatulukira nkhope. Inali ya a Morris, ali mu suti, buku la nyimbo lili kukhwapa. Injini yawo anaimvera kutchalitchi ulaliki uli mkati, ndipo chinawadzutsa pampando si kuba ayi. Anamva kuti mwa makabuleta awiri omwetsa injini mafuta, wakumbuyo akumwa ochepa.

"Mayo ine!" Obirigado anafuula. "Madala akuthamanga nafe limodzi!"

"Osapuma n'komwe wefuwefu," ananong'ona Bigi. "Ndinkanena ine kuti amenewa ngokhwima."

Obirigado sanadikire zambiri. Anatsegula chitseko, anadziponya monga amachitira makondakitala a minibasi, n'kugubuduka mwaluso mpaka m'dimba la mpiru.

"Tamusiya kutali ameneyo," anatero Bigi. "Gawo lake tigawana."

A Morris anayang'ana phazi la Lyson, nkhope yawo n'kuwala. Analowetsa dzanja pawindo. "Ponda kilatchi, mwana iwe. Ayi, chakumanzerecho." Anamulowetsera giya yachinayi. "Tsopano ponda mafuta, singano ikafika apa ugwire pomwepo. Usasunthe."

Anapita kutsogolo n'kutsegula boneti.

"Bambo, sindikuona msewu!" analira Lyson.

"Ponda basi!"

Mkuluyo anatenga kapaipi, mbali imodzi kukhutu, ina kukamwa kwa kabuleta, kumvetsera kapumidwe ka woyamba, kenako wachiwiri. Anapotoza sikuluu pang'ono, n'kusuzumira sikelo. Anapotozanso. Injini inasiya kutsokomola, inayamba kuyimba mosalala, singano ya sikelo n'kupitirira pamene inali isanafikepo.

"Ameneyo ndiye mwana wanga!" anafuula a Morris, akuvina ndi suti yomwe.

Kamphepo kanabwera, chifunga chinayamba kuyera. Choyamba Lyson anaona mtengo wa mapeyala uli chiimire. Kenako Obirigado, atakhala m'mpiru akudzifufuza mabala. Kenako mpingo wonse, amayi a Mvano ndi akwaya omwe, atazungulira mpanda. Anthu a kumsika nawo anali atathamangira phokosolo, ndipo kutsogolo kwenikweni kunali Rosie, ndowa ili pamutu. Nkhuku ina inkatola chakudya pafupi ndi tayala lakutsogolo. Lyson anachotsa phazi, thupi lonse litazizira ndi manyazi.

Sajeni Sungani wa polisi analowa akukankha njinga yake. Bigi anatuluka msanga, atapinda manja mwaulemu.

"Bwana, ife timangousa mvula. Kiyi inangotembenuka yokha."

A Morris anali adakali m'chisangalalo, analibe mtima wotsekeretsa munthu. "Asiyeni, a Sajeni. Andithandiza ntchito yaikulu lero. Komanso awa sangakhale akuba galimoto. Mbava zimabwera ndi dalaiva. Uyu sadziwa ngakhale pali kilatchi, giya ndachita kumulowetsera ndine."

Anthu anafa nacho chiseko. Sajeni nayenso anaseka, n'kutembenuza njinga kuti azipita. Bigi anali atayamba kale kulowera ku geti mwakachetechete.

Koma Lyson anali atamuona Rosie. Mayiyo sankaseka. Anatula ndowa pansi, n'kumuyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Kani a Lyson," anatero, "ku Beira kuja munkapita pa chiyani?"

Chinthu china chinaphulika m'chifuwa mwa Lyson. Analumpha m'galimoto.

"Bodza limenelo! Ndine dalaiva ine! Anandisankha a Bigi eniake, afunseni! Pakanapanda matcheniwa, bwenzi pano galimotoyi titaigulitsa kale ku Milange!"

Bigi anatseka maso. Sajeni Sungani anaimikanso njinga yake bwinobwino pa mtengo wa mapeyala, n'kutulutsa unyolo.

Powatulutsa atatuwo pa geti, a Morris anathamangira sajeniyo n'kumugwira mkono.

"Pepani a Sajeni, woponda mafuta uja mungandibwereke Loweruka? Kuyendetsa sadziwa, koma phazi lake silinjenjemera."