Pasiwedi ya amake Tisa

Lolemba

Nkhawa ya aliyense woyang'anira makompyuta a anthu ambiri: ukangotembenuka, wina wasokoneza kale. Yanga ikutha lero! Pasukulu yathu kuseri kwa msika wa Mtendere masikirini alipo khumi ndi awiri, koma onse amadalira makina amodzi, seva. Munthu akalowa, seva imamubwereka desikitopu, malo ogwirirapo ntchito pa sikirini. Akatuluka imaitsuka, ngati mbale ya mulesitilanti. Malamulo anga:

- aliyense dzina lake, pasiwedi yake
- mapulogalamu ndimaika ndine, kuchokera pa seva
- zosunga zipite mu foda, pa desikitopu ayi

Ndikufotokozera kalasi ya masana, azimayi a mumsika, mpaka kujambula pabolodi. Onse akuvomera. Atcheya awo, amake Tisa ogulitsa tomato, akundionetsa pepala la mayina. Kitcheni pate ya Tisa, phwando la azimayi lomukonzekeretsa ukwati, ndi Loweruka, ndipo akufuna ndondomeko yotayipa ya mmene anthu adzaitanidwire kupereka mphatso. Akuti wachibale wa mwamuna akaiwalika, kapena akaitanidwa mochedwa, mwanayo alowa m'banja anthu atamukwiyira kale.

Lachiwiri

Mipando yonse yadzaza, koma seva ikuti muli munthu mmodzi. Onse alowa ngati amake Tisa! Eni pasiwedi akuti: "Ba Madamu, munzako akapempha mchere, ungamumane?" Ndikufotokozanso, modekha. Lamulo lachinayi: dzina limodzi, sikirini imodzi. Amake Tisa okha akutayipa ndi chala chimodzi, lilime lili panja.

Lachitatu

Mayo! Dzulo amake Tisa anasunga pa desikitopu, seva yatsuka. Mayina makumi asanu ndi limodzi, psiti. Pepala lija mnzawo anakulungira tinsomba ta kapenta. Sakukalipa. Akungoyang'ana seva: "Ka mashini aka kalibe ulemu." Ndayamba kufotokoza kuti yangotsata lamulo, kenako ndakumbukira kuti analemba lamulolo ndine. Ndasintha: desikitopu yawo yokha izikumbukira. Yokha basi!

Lachinayi

Mayina akubwerera kuchokera m'mitu ya anthu. Wina akudziwa a kutchalitchi, wina a ku Chipata, wina akudziwa amene sayankhulana. Onse afunika kulemba, choncho lamulo lachinayi ndalichotsa ndekha. Azimayi khumi ndi awiri, fayilo imodzi. Zimene ndikuona:

- amake Bupe a makala achoka pa nambala 40, ali pa 3
- patapita mphindi zisanu ali pa 41
- wina walemba "obwera kudzadya chabe" n'kuikamo mayina awiri

Phwete kalasi yonse. Nane ndikuseka, sindinama. Ndipo taonani: amake Bupe, amene amaopa mbewa ya kompyuta mwezi wonse, lero adziphunzitsa okha kudula ndi kumata.

Lachisanu

Akufuna maluwa m'mphepete mwa pepala. Ndikutumiza pulogalamu yokongoletsa ku dzina lawo, koma ndadina gulu lolakwika. Yapita kwa aliyense! Alonda a kalasi ya m'mawa, ophunzira kulemba malipoti, apeza maluwa ofiira. Mmodzi wa iwo, Ba Zulu, akukana ndichotse: "Visiyeni, bwana azaona kuti tili serious."

3 koloko ndatseka fayilo, wina asakhudzenso. Isanakwane 3:10 amake Tisa agwira kumutu. Azakhali aakulu a mwamuna, a ku Chainda, mulibe! Ndatsegula. Aikidwa pamwamba penipeni, zilembo zazikulu. Printa ikulira.

Loweruka

Azakhali aitanidwa oyamba. Akubwera akuvina, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Afika pamphasa, akweza chitenje chimene Tisa wafunda, akumuyang'ana nthawi yaitali. "Uyu ni wathu." Nthungululu! Amake Tisa akupukuta maso ndi ndondomeko ya maluwa.

Nambala 7 ndine. Analemba ndani? Seva idzati amake Tisa, kutanthauza msika wonse. Ndavina ndi beseni la mphatso pamutu.

Lamlungu

Miyendo ikuwawa. Pa malamulo anayi latsala limodzi, la mapulogalamu, ndipo amene analiphwanya ndine. Chabwino, ndagonja. Mawa ndipanga dzina limodzi la gulu lonse, chilichonse chizidzisunga chokha mu foda, alonda akhale ndi maluwa awo.

Iwe wolemba malamulo (ndikudziuza ndekha), ukadzafunanso kulemba ena, tayesa kaye izi: ukhale pampando wa kumbuyo masana amodzi, osafotokoza kanthu, ungoona mmene anthuwo amagwirira ntchito. Masana amodzi okha. Ndikudziwa, kukhala chete kudzakuvuta.