Marimu Onyezimira ndi Mpini wa Khasu

Mpaka lero ndikamadutsa ku Chilobwe ndimatseka mawindo, ngakhale kutenthe bwanji. Alipo amayi ena ogulitsa tomato pafupi ndi msika amene amandizindikira, ndipo akangoiona galimoto yanga amaimirira n'kuyamba kukankha mphepo ndi manja awiri uku akufa nacho chiseko. Sindiwaimba mlandu. Zimene anaona tsiku lija, nanenso ndikanakhala iwo sindikanaziiwala.

Galimotoyo inali ya malemu bambo athu. Ndi zija zakalekale zazitali mphuno, zachitsulo chenicheni, zoyendera matayala akumbuyo. Anaigula kwa bwana wawo pomwe ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Mandala. Atamwalira inatsala m'manja mwanga, chifukwa m'banja mwathu ndine ndekha wodziwa kuinyengerera kuti ilire m'mawa wozizira wa mu Juni.

Ndiye mlongo wanga Tadala, mzime wa m'nyumba mwathu, atapeza banja anandipempha chinthu chimodzi. Akuchimuna anali atalonjeza galimoto yamakono yoziziritsa m'kati, koma iye anakana. Anati akufuna kupita ku tchalitchi pa galimoto ya adadi, ine ndikuyendetsa. Ndinavomera misozi ili lengelenge. Anandichenjezanso kuti abusa ali ndi maukwati atatu Loweruka la ukwatilo, wathu ndi woyamba, naini koloko, ndipo analengeza poyera kuti mkwatibwi wochedwa adzadikira panja mpaka enawo athe.

Munthu wanzeru akanaitsuka galimotoyo n'kuthira mafuta, basi. Ine ndinaima pabwalo kwathu ku Chirimba n'kumayang'ana marimu ake akuda achitsulo ndi timatayala take toonda, manyazi n'kundigwira. (Manyazi a chiyani, sindikudziwa. Panalibe amene anali atadandaula.) Lachitatu ndinatsanzika kuntchito kuti ndikuthamangira za ukwati, ndinalunjika ku Limbe.

Abale, munawaonapo marimu atawapachika pakhoma dzuwa likuwaomba? Ndinalowa m'kashopu kena kuseri kwa msika ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Analipo anayi ofanana, otakata, oyera ngati siliva, akuya pakati moti mutha kukhazikamo mbale. Ndinadziona nkhope m'menemo, ndipo kunena zoona ndinaoneka bwino kuposa pagalasi la kunyumba. Wogulitsa, mkulu wina wa magalasi akuda ndi tcheni m'khosi, anangondiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti nsomba yabwera yokha.

Funso lomwe ndinkalidziwa linali limodzi, la mabowo a mabawuti. Tinawerenga, asanu uku, asanu uku. Anayesa, analowa bwinobwino.

"Bigi, mabowo akagwirizana nkhani yatha," anatero. "Zinazo n'za m'mabuku."

Anandisankhiranso matayala otakata oti agwirizane ndi marimuwo. Atamanga onse n'kutsitsa jeke, ndinaona kuti akumbuyo atulukira kunja kwa madigadi pang'ono, ngati chala chimodzi, ndipo mpata wa pamwamba wachepa. Ndinaloza. Iye anati ndiye sitayilo yakeyo, anthu amachita kuifunafuna. Sindinafunsenso wina aliyense, paja safunsa anadya phula. Ndinaponya marimu akale m'buti kuti ndikawasiye kunyumba, n'kuliza galimoto.

Musanene kuti sindinaiyese. Ndinatsika nayo msewu waukulu kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni, makondakitala a minibasi akundiimbira miluzu. Raundabauti ina ndinaizungulira kawiri popanda chifukwa. Sindinamve phokoso lachilendo paliponse. Chomwe sindinachiganizire n'chakuti m'galimotomo ndinali ndekha, ndipo ine thupi langa ndi la udzudzu.

Loweruka ndinafika ku Chilobwe eyiti koloko isanakwane, galimoto ili waliwali, maliboni ali petupetu. Tadala anagona kwa azakhali athu a Nasibeko, mlongo wawo wa bambo, mayi amene Mulungu anawadalitsa ndi thupi mosaumira. Azakhali sanawayang'ane n'komwe marimu anga. Anayang'ana buti. Anati galimoto ya paukwati siyenda buti ili yopanda kanthu, ndipo pasanathe mphindi zisanu munali mutalowa makireti a zakumwa ndi thumba la mpunga wokaphika ku holo. Minibasi ya amayi oimba inanyamuka kutsogola. Kumpando wakumbuyo kunakhala Tadala, mnzake womugwirira maluwa, ndi azakhali.

Nditangochotsa phazi pa kilatchi ndinamva khwee, kumbuyo. Ndinati mwina ndi liboni. Pa hampu yoyamba inalira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Pa yachiwiri kunabwera fungo la labala wopserera, ndipo pagalasi ndinaona utsi. Ndinaima pafupi ndi msika, ndinatuluka ndi suti yanga, n'kugwada. Mlomo wa madigadi unali utakhala pa tayala, ukulisenda ngati mbatata. Tikanapitirira pang'ono likanaphulika.

Tinatsitsa makireti ndi mpunga, n'kuzisungitsa kwa amayi a tomato aja. Ndinayesanso. Khwee. Nthawi inali hafu pasiti eyiti, anthu atayamba kutizungulira. Bambo wina wachifundo anabweretsa galimoto yake kuti atenge mkwatibwi. Ndinapuma, ndinatsegula chitseko, koma Tadala sanasunthe.

"Ndinanena kuti ndikwera ya adadi, achimwene," anatero motsitsa. "Ngati n'kudikira panja, ndikadikira."

Mtima wanga unasweka pamenepo, chifukwa sanakalipe. Panatsala njira imodzi, ndipo inu mukuidziwa. Koma mwana wobadwa bwino amawauza bwanji azakhali ake, pamaso pa msika wonse, kuti vuto ndi iwo? Ndinazungulira nazo. Ndinati mwina angamve bwino m'galimoto inayo, muli mphepo yabwino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Mchimwene wanga anandinyamula m'galimoto muno ndili ndi pakati pa mapasa, sinalire," anatero. "Wachita nayo chiyani iwe?"

Pomwepo anthu anapatuka okha. Panatulukira mkulu wina wa ndevu zoyera, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti, akuyenda mosafulumira. Ndinamva anthu akunong'ona kuti ndi Che Yusufu, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole. Anatipatsa moni tonse, mmodzimmodzi, ngati nthawi ndi yake. Kenako anaika dzanja pa madigadi, n'kupisa zala ziwiri pansi pake, maso ali kumwamba ngati akumvetsera nyimbo yakutali.

Anandifotokozera mwaulemu moti zinawawa kuposa kutukwanidwa. Anati mabowo ndi poyambira chabe. Marimu amenewa anapangidwira galimoto ina, ndipo amakankhira tayala kunja, pansi penipeni pa mlomo wachitsulo. Anati galimoto yoyendera kumbuyo ikamanyamuka imayamba yanjuta, ngati mayi wofuna kusenza mtolo, ndiye imafuna mpata woti injutiremo. Ine mpatawo ndinali nditaudzaza ndi labala. Anandifunsa ngati ndinaiyesa itanyamula anthu. Ndinapukusa mutu.

"Alipo ali ndi mpini wa khasu?" anafunsa.

Mpini unapezeka, wosalala chifukwa cha manja. Ndinathamangira kuti nditsitse anthu, koma Che Yusufu anandiletsa. Anawerama pawindo n'kulankhula ndi azakhali mwaulemu wonse.

"Mayi, inu musatsike. Ntchitoyi popanda inu sitheka."

Azakhali anakhazikika bwino, n'kukonza duku. Sindinaonepo munthu akulemera monyada chonchija.

Mkuluyo analowetsa mpini pakati pa tayala ndi madigadi, moupendeketsa. Anandiuza kuti ndizimitse injini, ndichotse giya, ndigwire chiwongolero basi. Amayi a tomato anamanga zitenje n'kuyamba kukankha. Pang'onopang'ono kutsogolo, pang'onopang'ono kumbuyo, iye akuwaongolera ndi mutu wokha. Tayala likamagudubuzika, mpini unkagudubuzika nalo, ndipo kulemera kwa galimoto kunkapinda mlomo wachitsulo uja n'kuutukulira kunja. Ndinasuzumira pawindo ndipo ndinaona ndi maso angawa chitsulo cha makedzana, chomwe nyundo imachiopa, chikumvera nkhalamba ndi kamtengo. Msika wonse unaima n'kumaonerera. Ngakhale kondakitala wina amene ankaitanira anthu anasiya pakati.

Kenako ndinamva timaphokoso, the, the, the. Inali penti ikusweka m'mbali mwa madigadi, penti yomwe bambo ankaipukuta ndi nsalu yofewa Lamlungu lililonse ndipo sanaikandepo moyo wawo wonse. Ndinaluma mlomo. Panalibe womuloza chala koma ine ndemwe.

Anapita mbali inayo n'kuchita chimodzimodzi. Atatha anapisanso zala, zinalowa zitatu. Anabweza mpini kwa mwini wake ndi manja awiri. Mkanjo wake unali woyera monga anabwerera (ine amene sindinagwire kanthu, suti inali ngati ndagona m'galaja). Ndinayamba kuthokoza ndi mawu ambirimbiri, koma anandidula. Anati ndizinyamuka ndi giya yachiwiri kuti isanjute kwambiri, mahampu ndiziwakwera chammbali, ndipo katundu abwere pa galimoto ya bambo wachifundo uja.

"Pitani, mwanayu akudikiridwa," anatero, n'kutembenuka kumapita.

Ulendo wa ku tchalitchi ndinauyenda khutu lili kumbuyo. Hampu iliyonse ndinkaipempherera. Sinalirenso. Tinalowa pageti abusa ataima pakhomo, dzanja lili m'mwamba akuyang'ana wotchi, ndipo atationa analitsitsa pang'onopang'ono ngati munthu amene walandidwa nkhani yabwino. Zinali zitatsala mphindi ziwiri.

Ndinatsegulira Tadala chitseko. Anatsika, amayi oimba aja akululutira, koma m'malo molunjika ku khomo anaima pa tayala lakumbuyo. Anayendetsa chala chake, chili m'gulovu yoyera, pa penti yosweka ija. Ndinayamba kupepesa, ndinalonjeza kuti Lolemba ndikaipentetsa mpaka pasaoneke kanthu.

"Musadzapente, achimwene," anatero. "Pakhale chonchi, ana anga adzafunse kuti panachitika chiyani."

Anandigwira mkono, tinalowa.

Ndiye ndi momwe zilili. Uchitsiru wanga ndimayenda nawo poonekera, mbali zonse ziwiri, ndipo ndinaletsedwa kuubisa. Marimu akuda a bambo ndinawabwezeretsa kumbuyo sabata yomweyo, ndipo ndisanachoke pagalaja ndinakweza amakaniko atatu onenepa kumpando wakumbuyo kuti tiyese. Akutsogolo onyezimira aja alipobe. Ndimati ndiwachotsa mwezi wamawa, koma m'mawa uliwonse ndikatuluka m'nyumba dzuwa limakhala likuwaomba, ndipo ndimapezeka ndaima.